Kalavani yopinda imafera pakhomo: kusamala lona, eyakoni ndi giza

Ndasoka malona kwa zaka zoposa 30 kuno ku Harare, ambiri a malole ndi a matenti a maukwati ndi maliro. Bambo anga anabwera kuchokera ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo makina osokera oyamba amene ndinagwira anali awo. Kalavani yopinda ndinaigula kwa munthu itayendapo kale. Ndikunena ija imene pamsewu imaoneka ngati bokosi lalifupi kumbuyo kwa galimoto, koma ukafika n'kupukusa chogwirira, denga limakwera, mabedi awiri amatuluka uku ndi uku, makoma onse n'kukhala a lona. Tagona nayo ku Kariba, ku Nyanga, ndiponso pa ulendo wakumudzi kudzera pa Nyamapanda ndi Tete.

Anthu akandibweretsera makalavani awo kuti ndiwasokere, amayamba ndi kudandaula za maenje a pamsewu. Ine ndikatsegula ndimapeza zina: chuku, zitosi za makoswe, chisa cha mavu, madzi amene anaiwalidwa m'thanki chaka chatha. Kalavani imayenda milungu itatu kapena inayi pachaka. Miyezi yotsalayo imakhala chipindire kuseri kwa nyumba, mvula ya Novembala mpaka Malichi ikuigwa, dzuwa la Okutobala likuiwotcha, popanda woisuzumira. Kunja utoto ukuwala, koma paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choncho zambiri zimene ndikuuzeni pano ndi ntchito ya pakhomo, ya Loweruka m'mawa, osati ya kutchire.

Ineyo ndinaphunzira mowawa. Chaka china pa Isitala tinali ku Nyanga, mvula inagwa mbandakucha wa tsiku lobwerera. Tinapinda lona lili chinyowere, ndikudziuza kuti ndikaliyanika tikafika. Tinafika usiku, m'mawa mwake kunagwa maliro awiri ofuna matenti, ndipo milungu itatu inadutsa. Tsiku limene ndinakweza denga, fungo linatuluka ngati la nkhokwe yodontha. Timadontho takuda tinali titafalikira kuyambira pamsoko wa pamwamba mpaka pazenera, matiresi a mbali ya mayi akunyumba atachita mawanga obiriwira. Iwo anangotola matiresiwo n'kukawayala padzuwa osanena kanthu. Chukucho ndinachipha, koma madontho ena alipobe mpaka lero.

Ndiye lamulo loyamba ndi ili: lona lonyowa lisagone chipindire kupitirira tsiku limodzi kapena awiri. Kukakhala kotentha ndi chinyezi, chuku chimayamba msanga chotero. Kupinda lonyowa nthawi zina sikupeweka, walira mvula walira matope, koma mukafika kunyumba, ngakhale mutatopa bwanji, kwezani denga, tulutsani mabedi, tsegulani mazipi onse. Ngati mvula ikugwabe, lona lotambasulidwa pamvula lili bwino kuposa lopindidwa. Musayese kuuma kwake pogwira pakati pa khoma, pamenepo pamauma msanga. Gwirani m'misoko, m'mipendero ya pansi ndi mozungulira mazipi, pamene nsalu yasanjikizana kawiri kapena katatu. Tukulaninso matiresi. Mpweya wa anthu ogona umasanduka mame pa thabwa lozizira la pansi pa bedi, moti pamanyowa ngakhale kusanagwe dontho la mvula.

Musanatsuke, dziwani kaye nsalu imene muli nayo, chifukwa sizifanana. Makalavani ambiri ochokera ku South Africa ali ndi lona la thonje losakaniza ndi polyester, lija lokhala ndi timabokosi ta ulusi wokhuthala toletsa kung'ambika kupitirira. Ochokera ku America nthawi zambiri ali ndi nsalu ya acrylic, monga Sunbrella, kapena vinyl, ija yosalala ngati pulasitiki. Ena amasakaniza: pamwamba pa mabedi vinyl, m'mbali nsalu yopuma. Vinyl amangoipukuta ndi madzi a sopo wofewa, ndipo safunika kuipaka mankhwala oletsa madzi chifukwa sayilowa, amangosiya zomata. Zotsatirazi ndi za nsalu yopuma ija.

Nthawi yabwino yotsuka ndi Meyi, mvula itatha, kapena Seputembala isanayambe. Yambani ndi bulashi youma yofewa, kuchokera pamwamba kutsika, kunja kenako m'kati. Dothi lathu la kuno ndi lofiira, ndipo mukathamangira kuthira madzi fumbi lisanachoke, mwapanga utoto umene ulowerere mu ulusi osatulukanso. Fumbi likachoka, thirani madzi wamba ndi paipi ya m'dimba, mosawombetsa. Nthawi zambiri zimenezi zimakwana. Pamene pada kwambiri, ndimapala pang'ono sopo wosambitsira makanda m'ndowa ya madzi ofunda, n'kutsuka ndi siponji pamalo okhawo, kenako n'kutsukuluza mpaka thovu litatheratu. Sopo waufa wochapira zovala ndi sopo wamadzi wotsukira mbale musawayandikize. Ntchito yawo ndi kuthandiza madzi kulowa mu nsalu, pamene inu mukufuna nsalu yokana madzi, ndipo akatsalira mu ulusi amapitiriza ntchito yawoyo mvula ikabwera. Makina otsukira magalimoto aja owomba madzi mwamphamvu amasasantha ulusi ndi kutsegula misoko. Ndasokapo malona angapo amene anaphedwa ndi makina amenewo m'mphindi khumi.

Chuku chikakhala kuti chagwira kale, chitani izi panja, mutamanga kansalu kumphuno. Umitsani lona padzuwa kaye, kenako kwechesani ndi bulashi youma kuti ufa wa chukuwo uchoke. Sakanizani kapu imodzi ya viniga woyera ndi makapu atatu a madzi, yesani pakona yobisika kuti muone ngati mtundu sukusuluka, ndiye pakani pamadonthopo. Siyani kwa ola, tsukuluzani, yanikani. Mwina mubwereza kawiri kapena katatu. Cholinga ndi kupha chuku, osati kubweza lona kuti lioneke latsopano. Anthu ambiri amalakwa apa: akaona kuti dontho silikuchoka amatenga Jik. Pa thonje Jik amadya ulusi, ndipo lona looneka loyera bwino lero lidzang'ambika ngati pepala pa mphepo yoyamba ya ku Kariba. Pa acrylic yekha ndi pamene opanga ake amalola Jik wosungunulidwa m'madzi ambiri. Ndipo chonde, Jik ndi viniga zisakumane m'ndowa imodzi, zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umawotcha mapapo.

Malo oimikapo kalavani nawonso ali ndi mbali yake. Mthunzi wa jakaranda umakoma, koma mu Seputembala ndi Okutobala maluwa ake amayoyoka, n'kuwolera padenga ndi m'ngalande za m'mbali. Pansi pa mtengo wa mabulosi ndiye poipa kwambiri, chifukwa mbalame zimadya zipatsozo n'kusiya zitosi zofiirira zimene zimadaya nsalu. Chitosi chikagwa pa lona musachipukute chili chachiwisi, mungochipaka. Chisiyeni chiume, muchipale ndi msana wa supuni, kenako madzi.

Tsopano za kudontha. Lona likauma mukatsuka, wazani madzi ndi dzanja. Akapanga timipira n'kugubuduzika, lili bwino. Akalowa n'kusiya chigamba chakuda, mankhwala oletsa madzi atha pamenepo. Mankhwalawa amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za matenti, ena opaka ndi bulashi, ena opopera. Werengani pachitini kuti ndi a thonje kapena a acrylic. Pakani pa lona loyera ndi louma, khoma lathunthu kuchoka pamsoko kufika pamsoko kuti pasaoneke mizere, ndipo phimbani mawindo a pulasitiki ndi maneti ndi nyuzipepala. Kupaka pang'ono kawiri kumaposa kuthira kwambiri kamodzi, chifukwa mukatseka timabowo tonse, lona limaleka kupuma ndipo m'mawa mumadzuka denga likudontha thukuta lanu lomwe. Lisiyeni tsiku lathunthu musanapinde.

Lona latsopano, kapena limene lasokedwa kumene, likadontha m'misoko musafulumire kukwiyira telala. Singano imasiya bowo lalikulu kuposa ulusi. Nyowetsani lona lonse ndi paipi, lisiyeni liume, bwerezani katatu. Thonje likanyowa limafufuma, n'kufinya ulusi m'mabowomo, kudontha n'kutha. Ine ndimachita zimenezi ndisanapereke tenti iliyonse kwa mwini wake. Msoko wakale umene ukudonthabe umafuna mankhwala ake a m'misoko, kapena phula la njuchi lopakidwa motsatira ulusi. Muuzenso ana kuti mvula ikamagwa asamagwire lona m'kati, ndipo pilo kapena chikwama chisatsamire khoma. Pamene pakhudzidwa, madzi amakokedwa kulowa, ndipo madzi saiwala khwawa, usiku wonse adzera pomwepo.

Kachibowo kakang'ono sokani lero. Dulani chigamba cha nsalu yofanana, chopitirira bowolo ndi masentimita 5 mbali zonse, makona ake mutawazunguliza chifukwa kona yakuthwa ndi imene imayamba kumatuka. Pindani mphepete, ikani kunja, ndipo ngati ndi malo okokeka ikani china m'kati. Ulusi ukhale wa polyester wokhuthala wopirira dzuwa. Ulusi wa thonje wosokera malaya umawola mvula imodzi yokha. Kutalika kwa msoko kukhale mamilimita 5 kapena 6 kuchoka pobaya kufika pobaya. Ophunzira ntchito amaganiza kuti kubaya pafupipafupi ndiko kulimbitsa, koma kumeneko n'kuboola nsalu ngati pepala la m'buku la malisiti, lija lopangidwira kung'ambika pamzere.

Zipi imaphedwa ndi mchenga. Ipukuteni mano ndi mswachi wakale, kenako yendetsanimo kandulo. Girisi kapena oyilo ayi, amamata fumbi n'kukhala ngati sandipepa. Zipi ikamatseguka kumbuyo pamene mukutseka, kawirikawiri mano amakhala abwino, kamutu koyendako ndi kamene kayasamula. Kafinyeni pang'ono kwambiri ndi pulayala mbali zonse ziwiri, yesani, onjezerani pang'ono. Mukafinya kwambiri kamathyoka. Ndipo ngati zipi ya chitseko ikulimba kutseka, yang'anani kaye ngati kalavani yaima mowongoka, chifukwa ikapendekeka lona limakokeka mbali imodzi.

Maneti musawaone ngati zokongoletsa. Kuno ku Harare, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, udzudzu wa malungo si wambiri, koma ku Kariba, ku Mana Pools, ku Tete ndi kunyanja kwathu, bowo lolowa chala limakwana kugoneka mwana m'chipatala. Usiku yatsani tochi m'kati, wina azungulire kunja, mabowo onse aonekera. Ang'onoang'ono amasokeka ndi ulusi wa nayiloni. Akuluakulu ambiri amene ndakonza anang'ambidwa ndi apusi ndi anyani atanunkhiza buledi, choncho chakudya chizikhala m'galimoto yotseka. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amasungunula pulasitiki: dzolani muli panja, ndipo musagwire mawindo oonekera aja manja asanaume. Mawindowo muziwakulunga ngati mkeka, osawapinda, makamaka m'mawa wa Juni pamene pulasitiki yauma gwa ndi chisanu.

Popinda musathamange. Tsitsani denga theka, zungulirani kalavani mukukankhira lona m'kati kutali ndi zitsulo zokwezera, tsitsaninso pang'ono, zunguliraninso. Mabowo aja ooneka ngati alumidwa ndi lumo pamakona amabwera chifukwa nsalu inapanidwa ndi chitsulo. Musanatseke onani mphira wozungulira m'mphepete mwa denga, ngati waphwatalala kapena wang'aluka, sinthani, ndi wotchipa poyerekeza ndi lona. Chotsani chakudya chonse, ngakhale nyenyeswa za bisiketi, ndipo tsekani ndi sitiliwulu timipata ta pansi pamene mawaya ndi mapaipi amalowera, chifukwa khoswe amakonda lona pomanga chisa. Imikani pa simenti kapena pa njerwa, kutali ndi chiswe, kutsogolo kutakwera pang'ono kuti madzi asadikhe padenga. Musaikulunge m'pepala lakuda la pulasitiki, imachita thukuta m'katimo. Ndipo kamodzi pamwezi, m'dzinja kawiri, ikwezeni m'mawa wa dzuwa ipume mpaka masana.

Eyakoni ya padenga si ntchito yanga yobadwa nayo, koma ndaisamala yanga zaka zambiri, ndipo usiku wa Okutobala ku Kariba, pamene masana kumapitirira madigiri 40, imasiyanitsa kugona ndi kuchezera. Choyamba kumbukirani kulemera kwake. Zambiri zimalemera makilogalamu 35 mpaka 45, ndipo katunduyo amanyamulidwa ndi zingwe zachitsulo zokwezera denga. Musanaike yatsopano, funsani ngati denga lanu linapangidwira zimenezo. Ngati ilipo kale, yang'anani zingwezo chaka chilichonse, ndipo chingwe chimene chayamba kutuluka ndevu chisinthidwe chisanaduke. Musakwere padenga litakwezedwa. Ntchito zonse za pamwamba muzichita denga litatsitsidwa n'kukhomedwa, inu mutaima pamakwerero pambali.

Sefa ya m'kati, kasiponji kopyapyala kaja kuseri kwa chivindikiro cha kudenga, muziitsuka ndi madzi milungu iwiri iliyonse mukakhala pa ulendo, kufumbi sabata iliyonse, n'kuiumitsa musanabwezere. Ikatsekeka, mpweya umachepa, mapaipi ozizira amagwira ayezi, ndipo eyakoni imangolira osaziziritsa. Zikatero zimitsani kuziziritsa, siyani fani yokha kwa ola kuti ayeziyo asungunuke. Kamodzi pachaka, magetsi mutazula papulagi, masulani chipewa cha pamwamba. Mupezamo masamba, ulusi wa akangaude, nthawi zina chisa cha dothi cha mavu chomatirira pa fani n'kumaigwedeza. Chotsani zonsezo, pukutani timapepala tachitsulo topyapyala tokuta mapaipi ake ndi bulashi yofewa motsatira mizere yake, ndipo topindika muwongole pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni wa patebulo. Tsegulani timabowo totulutsira madzi pansi pake. M'bokosi la mawaya muli capacitor, kachitini kosunga magetsi ngakhale mwazula pulagi. Kameneko musakagwire, kasiyireni wamagetsi.

Madzi akamadontha m'kati mozungulira eyakoni mvula ikagwa, wolakwa amakhala gasiketi ya siponji imene ili pakati pa makinawo ndi denga. Imapanidwa ndi mabawuti anayi ochokera m'kati, ndipo amamasuka ndi kugwedezeka kwa msewu. Mangani mosinthasintha, pang'ono apa pang'ono apo, mpaka gasiketiyo itafinyika pafupifupi theka. Mukamanga mpaka kuphwatalala mwaipha. Kumata silikoni mozungulira pansi pa eyakoni kumangotsekera madzi ake omwe njira yotulukira.

Kuti mudziwe ngati ikugwira bwino, iyatseni kwa mphindi 15, yezani kutentha kwa mpweya wolowa pasefa ndi wotuluka. Kusiyana kwa madigiri 9 mpaka 12 ndiye kuti ili bwino, ngakhale inu mukumva kutentha. Makoma a nsalu sasunga kuzizira ngati a njerwa, choncho imikani pamthunzi, tsekani mazenera a mbali ya dzuwa, yambani kuziziritsa m'mawa kusanatenthe, ndipo masana yalani chophimba chonyezimira pamwamba pa mabedi. Musathamangire kukathiritsa gasi woziziritsa. Maeyakoni ambiri a padenga ndi otsekedwa ngati furiji, ndipo gasi akachepa ndiye kuti pena pabooka.

Chimene chimapha kompuresa, mota yopopa gasi woziziritsa m'eyakoni, kuno ndi magetsi ofooka. Eyakoni yotere imadya mawati pafupifupi 1,500 ikamayenda, ndipo poyamba imakoka kangapo kuposa pamenepo. Waya wautali wopyapyala umagwetsa mphamvu, kompuresa imangong'ung'udza n'kutentha. Gwiritsani waya wa 2.5mm, waufupi m'mene mungathere, ndipo muumasule wonse pachokulungira. Magetsi akathima n'kubwera, kapena mukazimitsa nokha, dikirani mphindi zitatu musanayatsenso. Za jenereta dziwani ichi: injini imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Jenereta imene imadzutsa eyakoni mosavuta m'chigwa cha Zambezi ikhoza kulephera pabwalo lanu ku Harare, itataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu imene ikanakhala nayo kugombe la nyanja yamchere. Ndipo amene mwaitanitsa kalavani ya ku America, zipangizo zake ndi za 120V ndi 60Hz, pamene athu ndi 220V mpaka 240V ndi 50Hz. Thiransifoma imatsitsa mphamvu koma siisintha 50Hz kukhala 60Hz, motero mota imayenda mochedwerapo ndipo kuziziritsa kumachepa. Kambiranani ndi wamagetsi musanalumikize chilichonse.

Giza, yotenthetsera madzi ija, ndi imene ndimafuna muisamale koposa, chifukwa lona likakanika mumanyowa, eyakoni ikakanika mumatuluka thukuta, koma apa pali moto, gasi ndi madzi otentha pafupi ndi pogona ana. Zambiri ndi kathanki ka malita 10 mpaka 23, kotenthetsedwa ndi gasi, magetsi, kapena zonse ziwiri. Musayatse elementi ya magetsi, chitsulo chotenthetsa madzi m'katimo, thanki ili yopanda madzi, imapsa musanamalize n'komwe kuvula nsapato. Njira yotsimikizira ndi kuyatsa pampu, kutsegula mpopi wa madzi otentha, n'kudikira mpaka utasiya kutsokomola mpweya, madzi akutuluka mosadukiza.

Ambiri a ife kuno timamwa madzi a pachitsime chobooledwa, ndipo m'madera ena amasiya zoyera zolimba ngati zija za pansi pa ketulo. M'giza zimachitanso chimodzimodzi. Zimakuta elementi, zimadikha pansi ngati mchenga, madzi n'kumachedwa kutentha. Kamodzi pachaka zimitsani gasi ndi magetsi, dikirani madzi azizire ndithu, zimitsani pampu, tsegulani mpopi kuti mphamvu ya m'kati ituluke, ndiye masulani chotsekera cha pansi mutaima pambali. Lowetsani kapaipi kopyapyala pabowopo n'kuwomba madzi m'kati mpaka otuluka atayera. Zoyerazo zikakhala zambiri, dzazani thanki ndi viniga woyera theka madzi theka, igone usiku, m'mawa tsukuluzani kangapo mpaka fungo litatha.

Pamene mwamasula, onani chotsekeracho. Magiza a thanki yachitsulo, monga a Suburban, ali ndi ndodo ya anode yolumikizidwa ku chotsekera, ya magnesium kapena aluminiyamu. Ntchito yake ndi kudyedwa m'malo mwa thanki, ndiye mukaipeza itakumbikakumbika musadandaule, ikugwira ntchito. Ikatha magawo atatu mwa anayi, kapena waya wa m'kati akamaonekera, ikani ina, mutakulunga tepi yoyera ya mapaipi pamazinga ake, ndipo muyambe kumanga ndi dzanja kuti isalowe mopingasa. Ndodo ikatheratu, dzimbiri limatembenukira ku thanki, ndipo thanki yobooka siikonzeka. Magiza a thanki ya aluminiyamu, monga a Atwood, alibe ndodo imeneyi, ali ndi chotsekera cha pulasitiki, ndipo musachisinthe ndi chachitsulo. Safunsa anadya phula: werengani dzina pachitseko cha giza yanu musanagule kanthu. Madzi otentha akamanunkha ngati dzira lowola, ndi tizilombo ta m'madzi okhalitsa tikuchitana ndi ndodoyo. Kutsuka ndi viniga kumathetsa, ndipo fungo likamabwerera yesani ndodo ya aluminiyamu.

Pamwamba pa giza pali valavu ya mkuwa yokhala ndi kachogwirira, yotulutsa madzi kutentha kapena mphamvu ya m'kati ikapitirira. Kudontha pang'ono pamene madzi akutentha si vuto lalikulu, nthawi zambiri kumatanthauza kuti kampweya kamene kamayenera kukhala pamwamba m'thanki katha. Madzi atazizira ndi pampu itazima, tsegulani mpopi wa otentha, tukulani kachogwirirako mpaka madzi aleke kutuluka, kasiyeni kabwerere, tsekani mpopi, dzazaninso. Ikamadonthabe, gulani valavu ina yofanana nayo. Musaitseke ndi bawuti ngakhale tsiku limodzi. Ndinaonapo kalavani imene mwini wake anachita zimenezo kuti pansi pasamanyowe, ndipo ndinakana kusoka lona lake mpaka atakonza.

Ku mbali ya gasi, tsegulani kachitseko ka kunja muyang'ane lawi. Likhale la buluu, lokhazikika, lolira pang'ono. Likakhala lachikasu, lopepesuka, kapena mwaye ukamaoneka pakhoma pamwamba pa potulukira utsi, zimitsani. Kawirikawiri kangaude waluka kapena mavu amanga m'kapaipi kopindika kamene gasi amasakanikirana ndi mpweya, makamaka kalavani ikakhala miyezi chiimire. Silinda itatsekedwa, masulani kapaipiko, pitsanimo kabulashi ka mabotolo, uzirani. Kabowo kakang'ono kotulukira gasi musakatokose ndi singano kapena waya, mukakakulitsa lawi silidzakhalanso bwino. Lawi lachikasu limatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, monga zimachitikira ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Gulani kachipangizo kolira kakamva mpweyawu, kayeseni ulendo uliwonse, ndipo onetsetsani kuti zenera la lona limene lili pamwamba pa potulukira utsi ndi lotseka giza ikamayaka. Lona, thawulo kapena chingwe cha zovala zisalendewere pafupi pamenepo.

Nthawi iliyonse mukasintha silinda, pakani madzi a sopo polumikizira ponse ndi pa paipi ya mphira. Thovu likamakula, gasi akutuluka. Osayesa ndi machesi. Pindani paipiyo ndi zala, ikaonetsa timing'alu isintheni, ndipo ngakhale ikuoneka bwino, ine sindiisunga kupitirira zaka zisanu padzuwa lathuli. Pamsewu silinda izikhala yotseka.

Chomaliza ndi kukhuthula. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, zokwana kung'amba thanki kapena paipi. Ku Nyanga mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa mpaka udzu kuyera, ndipo ngakhale kuno ku Harare, m'malo otsika a m'madambo, usiku wina kumaundana. Mukagona kozizira chotero, siyani madzi a m'giza ali otentha madzulo, kapena akhuthuleni. Mukabwerera kunyumba ndipo kalavani ikhala kupitirira milungu iwiri, khuthulani thanki yaikulu, giza ndi mapaipi onse, mipopi n'kuisiya yotsegula. Chotsekera cha giza ndimachiika musinki kuti ndichione ndikadzatsegula, pabowo pake n'kutsekapo kaneti kuti mavu asalowe. Kenako mdzukulu wanga wamkazi amamanga kansalu kofiira pa swichi ya elementi. Kamachoka pokhapokha iye ataona ndi maso ake madzi akutuluka pampopi wa otentha, n'kundiuza kuti, "Agogo, yadzaza, yatsani."